Usiku umodzi kutchire nyengo yozizira: ndinyamule chiyani, ndisiye chiyani?

Wayamba_Kumene

Moni nonse akuluakulu. Ndikukonzekera kukagona usiku umodzi kutchire, kopanda tenti, pogona lona basi, moto wosonkha ndekha. A zanyengo akuti masana kudzafika madigiri 16, usiku kutsika mpaka 5, ndipo mwina kuwaza kamvula. Kuchokera posiya galimoto kukafika pamalo ogona pali makilomita 6, njira yokwera pang'ono. Ine ndimalemera makilogalamu 70.

Zomwe ndaunjika pano ndi izi: chikwama chobereka cha malita 50, lona la mamita 3 mbali zonse, sleeping bag (thumba lofunda logonamo) yolembedwa madigiri 0 pathumba pake, bulangeti la ubweya, mpeni, kankhwangwa, sowo yopinda, chikwanje, chingwe cha mamita 15, laita, tochi yam'manja, poto wa lita imodzi, botolo la madzi, majinzi awiri, malaya atatu a thonje, juzi ndi jekete lolemera. Ndapima pa sikelo, zakwana kale makilogalamu 14, madzi ndi chakudya ndisanaikemo, ndipo chikwama chikukana kutseka. Kamatiresi ndaganiza zokasiya chifukwa kakudya malo, ndikayala masamba kapena bulangeti lomweli. Ndithandizeni, chochotsa n'chiti, chomwe ndaiwala n'chiti, ndipo chiyambe kulowa m'chikwama n'chiyani?

Chikuni

Achimwene, chomwe mwaganiza zosiyacho ndicho muyambe kulongedza. Sleeping bag payokha ilibe moto. Imafunditsa chifukwa cha mpweya wotsekeredwa pakati pa nthenga kapena ulusi wake, ndipo mbali imene mwaigonera imapanikizika, mpweya wonse n'kutuluka. Pakati pa msana wanu ndi dothi pamangotsala nsalu ziwiri zopyapyala, dothilo n'kumakuyamwani kutentha usiku wonse osakhuta. Bulangeti lopinda pawiri nalo limapanikizika chimodzimodzi, ndipo limakoka chinyontho cha pansi.

Pogula kamatiresi muziyang'ana nambala yotchedwa R. Ikakhala yaikulu ndiye kuti kakutchinga kuzizira kwambiri. Kasiponji kolimba kopindapinda kaja kamakhala ndi R ya 2 kapena kuchepera pang'ono, kulemera kwake magalamu 400 kapena pafupi. Pa usiku ngati wanuwu mukufunika R yosachepera 3. Ubwino wake manambalawa amaphatikizana: kasiponji ka 2 pansi, kopopa mpweya ka 2 pamwamba, mwapeza 4, ndipo kasiponjiko kakuteteza kopopako ku minga ndi tiziputu. Mukatenga kopopa kokha musaiwale chigamba ndi guluu wake, chifukwa kakabooka pakati pa usiku mwagona pa dothi. Za malo musadandaule, kasiponji kamamangidwa kunja kwa chikwama, mvula sikalowa.

Masamba amagwira ntchito ndithu, koma anthu amapeputsa kuchuluka kwake. Muyenera kuunjika masamba ouma mpaka m'mawondo, kuti mukawagonera atsale okhuthala ngati zala zinayi zogundizana, ndipo m'mbali muike zikuni ziwiri kuti asamwazike. Imeneyo ndi ntchito ya ola lathunthu kapena kuposa, ndiye mwanena nokha kuti kukhoza kuwaza mvula. Masamba onyowa sakuthandizani kanthu. Muwaunjike pansi pa kamatiresi ngati chowonjezera, zimenezo n'zabwino.

Tibwere pa 0 wolembedwa pathumbayo. Ma sleeping bag oyesedwa mwalamulo amatsatira muyeso wa ISO 23537, womwe unalowa m'malo mwa EN 13537, ndipo amakhala ndi manambala atatu. Comfort ndi pomwe munthu wosachedwa kuzizidwa amagona motambalala bwinobwino. Limit ndi pomwe munthu wopirira amagona atadzipinda. Extreme ndi nambala yongoti mwina simufa, tulo palibepo, ndipo musaiwerengere n'komwe. Ambiri ogulitsa amalemba limit pathumba chifukwa imaoneka bwino. Fufuzani kachikwangwani kosokedwa m'kati. Dziwaninso kuti poyesapo chidole chake chimavala zovala zam'kati zazitali ndipo chimagona pa matiresi ofunda, choncho nambala iliyonse pamenepo ikuwerengera kuti kamatiresi muli nako.

Madigiri 5 a zanyengowo muwatenge ngati 0. Iwo amapima mpweya pamwamba pa mita imodzi ndi theka kapena awiri, pomwe inu mugona pansi penipeni, ndipo usiku wopanda mitambo ndi mphepo pansi pamazizira koposa. Mukakwera mamita 1000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka n'kukadikha m'zigwa ndi m'mphepete mwa mitsinje, n'chifukwa chake nkhungu imagona kumeneko. Pamwamba pa chitunda napo pamawomba mphepo. Malo abwino ndi kathyathyathya ka m'mbali mwa phiri, mamita angapo pamwamba pa chigwa. Musanamasule lona, yang'anani m'mwamba: nthambi youma yolenjekeka kapena mtengo wakufa wopendekeka, samukanipo.

Lona lanu ndi la saizi yabwino, koma chingwe chachepa. Chamsana chokha chokoka pakati pa mitengo iwiri chimafuna mamita 10. Onjezani zingwe zinayi za mamita 3 za m'makona, ndi tina tiwiri tatifupi tomangira mfundo ya prusik yomwe imakoka lona pa chingwe chamsanacho. Zonse pamodzi mamita 25 mpaka 30, zodulidwa kale kunyumba, nsonga zowauka ndi moto kuti zisamasuke. Paracord 550, chingwe cholimba cha nayiloni, ndi yokwanira, imanyamula makilogalamu pafupifupi 250 ndipo m'kati mwake muli timaulusi 7 tosokera chong'ambika. Zikhomo tengani 8, kapena musema komweko ngati nthawi ilipo. Kukazizira mangani motsika, chingwe chamsana chifike m'chiuno, mbali yochokera mphepo ikhomedwe mpaka pansi. Nayiloni imatamuka ikanyowa ndi mame, ndiye musanagone zungulirani n'kukokanso zingwe zonse. Pa chingwe chamsana, kunja pang'ono kwa lona, mangani kachingwe kolendewera mbali zonse ziwiri kuti madzi otsata chingwe adonthere pamenepo asanafike pamutu panu. Kapulasitiki koyala pansi kasatulukire kunja kwa lona, kangatunge mvula n'kuilowetsa pogona.

Bulangeti siyani. Makilogalamu awiri amenewo akupatsani kufunda kochepa poyerekeza ndi kamatiresi ka magalamu 400.

Nangondo

A Chikuni amaliza za pogona, ine ndilowe pa zovala, chifukwa mndandanda wanuwo achimwene wandidetsa nkhawa. Majinzi ndi malaya a thonje atsale kunyumba onse. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga, silichedwa kunyowa koma limachedwa kuuma, ndipo madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Makilomita 6 okwera mutabereka katundu, msana udzafika uli chonyowa. Mukangoima n'kuvula chikwama, mphepo ya madzulo idzakupezani ndi malaya omatirira pakhungu. Anthu ambiri amene amazizidwa moopsa sizichitika pa chipale, zimachitika pa madigiri ngati anu omwewa, munthu atanyowa, atatopa, mphepo ikuwomba.

Muvale mosanjikiza. Pakhungu, malaya a manja aatali a polyester kapena a ubweya wa nkhosa wopyapyala. Pamwamba pake juzi ya fleece kapena ya ubweya. Kunja, jekete lopepuka lotchinga mvula ndi mphepo, lokhala ndi chophimba kumutu. Buluku la nsalu youma msanga, limodzi lokha lomwe mwavalalo. Jekete lanu lolemeralo musinthe ndi lofufuma lopepuka, lovala pokhapokha mwaima. Nthenga zimafunda kwambiri pa kulemera kwake koma zikanyowa zimaumbika n'kusiya kugwira ntchito, pomwe la ulusi wopanga limapitiriza kufunda pang'ono ngakhale litanyowa. Pamene pali kamvula ine ndingasankhe la ulusi.

Ponyamuka muyambe mukumva kuzizira pang'ono. Ngati mwafunda bwino muli chiimire pagalimoto, pakatha mphindi khumi mudzakhala mukutuluka thukuta. Thupi likayamba kutentha tsegulani zipi, pindani manja, vulani chipewa, chepetsani liwiro. Mukaima kupuma valani jekete nthawi yomweyo musanayambe kuzizidwa, chifukwa kusunga kutentha n'kosavuta kuposa kukubweza. Pocheka nkhuni chimodzimodzi, vulani kaye chimodzi.

Kenako pali zovala zogonera, zomwe sizituluka m'jumbo mwake mpaka nthawi yogona, zivute zitani: malaya aatali, buluku lam'kati lothina, masokosi okhuthala a ubweya ndi chipewa choluka. M'mawa mumazivula n'kuvalanso za dzulo zija ngakhale zili zozizira. Masokosi akhale mapeya atatu, ovala, osinthira ndi ogonera, ndipo ogonerawo akhale omasuka chifukwa sokosi yothina imachepetsa magazi ofika kuzala. Onjezani magolovesi achikopa ogwirira nkhuni ndi poto wotentha, ndi kampango ka m'khosi.

Kalongedzedwe tsopano. Chikwama chilichonse chimalowa madzi m'misoko, ndipo kachivundikiro ka kunja sikateteza mbali ya kumsana. Yambani n'kulowetsa jumbo lalikulu lolimba m'kati, ngati lija lotayira zinyalala zakumunda. Pansi penipeni sleeping bag ndi zovala zogonera, kanikizani mpweya utuluke, potokolani kukamwa kwa jumbo n'kupinda. Pamwamba pake, chogundana ndi msana, zolemera: madzi, chakudya, poto, m'poto muli zoyatsira ndi supuni kuti malo asawonongeke. Zolemera zikatalikirana ndi msana chikwama chimakukokerani chagada, zikakwera kwambiri mumapepesuka pamiyala. Mipata yotsala tsekani ndi zovala zofewa. Pamwamba penipeni lona ndi zingwe zake, jekete la mvula ndi jekete lofunda, kuti mvula ikakupezani mumange denga musanatsegule china chilichonse. M'thumba la chivundikiro tochi, mankhwala, mapu ndi kampasi. Laita, wezulo ndi foni zikhale m'matumba a zovala zanu, kuti mutasiyana ndi chikwama musatsale manja okha.

Pobereka, mangani kaye lamba wa m'chiuno pamafupa a chiuno enieniwo, kenako a m'mapewa, kenako timalamba ta pamwamba pa mapewa tokokera katundu kumsana, pomaliza ka pachifuwa. Katundu wambiri atsamire m'chiuno. Mapewa akayamba kuwawa patangopita theka la ola ndiye kuti lamba wa m'chiuno wamasuka kapena chikwama sichikugwirizana ndi kutalika kwa msana wanu. Muyeso womwe ambiri amatsatira ndi wakuti katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwanu. Kwa inu ndi makilogalamu 14, madzi ndi chakudya zili momwemo.

Mlenje

Zodulira zinayi pa usiku umodzi zachuluka, achimwene. Mpeni ndi sowo, basi. Sowo yopinda ngati Bahco Laplander imalemera magalamu pafupifupi 200, imadula chikuni chonenepa ngati mkono mosavutikira, ndipo munthu wotopa siimuvulaza kwambiri. Nkhwangwa yaifupi ndiyo yoopsa kuposa yaitali, chifukwa ikaphonya imabwerera pabondo kapena pamsongolo, ndipo nthawi yomwe anthu amaifuna ndi yamadzulo, kuwala kukutha, manja atauma ndi kuzizira. Chikwanje n'cha m'malo a zitsamba zowirira, ngati njira ilipo kale chitsale. Sowo zambiri zopinda zili ndi lumo lopyapyala, mukakankha mwamphamvu lumolo litapanidwa limapindika kapena kuthyoka. Chikuni chitsamire pa china kuti mbali yodulidwayo ilendewere, mpata uzitseguka pocheka.

Mpeni ukhale wosapinda, lumo la masentimita 10 mpaka 12, wokhala ndi chimake cholimba. Wa kampani ya Morakniv ndi wokwanira kwa woyamba. Unoleni kunyumba. Wachitsulo cha carbon umachita dzimbiri usiku umodzi wokha ukalowa m'chimake uli wonyowa, ndiye muziupukuta. Posema khalani pansi, zigongono pamawondo, mpeni uzipita kutsogolo kwa mawondo kapena kumbali kwa thupi. Osasemera pakati pa ntchafu, m'menemo mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi ndipo ukadulidwa muli nokha kutchire nthawi yake ndi mphindi zochepa. Mukamaliza, mpeni ubwerere m'chimake, osauika pansi kapena kuuzika pachikuni. Kukada, zodula zatha.

Laita imodzi siikwanira. Gasi wa m'laita ndi butane, yemwe amaleka kusanduka mpweya kukazizira kufika pafupi ndi madigiri 0, ndiye m'mawa mukhoza kupeza laita yodzaza koma yosayaka. Muisunge m'thumba lam'kati, ikakana ifumbateni m'manja kapena m'khwapa mphindi ziwiri. Kagudumu kake kakanyowa sikathetheka mpaka kaume. Choncho njira zitatu, m'malo atatu osiyana: laita m'thumba, machesi m'kabotolo kotseka bwino pamodzi ndi pokhwatchira pake, ndi ferro rod, kandodo kotulutsa mbaliwali mukakakhwatcha ndi kachitsulo. Ferro rod yatsopano imakhala ndi utoto wakuda, upaleni kaye. Poyatsa, gwirizitsani chokhwatchira pamalo amodzi pafupi ndi zoyatsira, mukoke ndodoyo chobwerera kwa inu. Mukakankha chokhwatchira kutsogolo dzanja limakamwaza zomwe mwaunjika.

Zoyatsira mubwere nazo kuchokera kunyumba, ngakhale cholinga chanu chili chophunzira kuyatsa ndi za m'tchire. Timipira 6 ta thonje topaka Vaseline m'kachitini. Poyatsa kang'ambeni pakati kuti ulusi wouma wa m'kati utukumuke, mbaliwali imagwira pamenepo, ndipo kamodzi kamayaka mphindi zitatu kapena kuposa, nthawi yokwanira kuumitsa timitengo tonyowa pang'ono.

Moto wambiri umafa chifukwa munthu wafulumira kuyatsa nkhuni zazing'ono zisanakwane. Musanakhwatche kalikonse unjikani milu inayi: zoonda ngati machesi zodzaza manja awiri kawiri, zonga pensulo zodzaza mkono, zonga chala chachikulu, kenako zonga mkono. Zotola pansi kawirikawiri zimakhala ndi chinyontho. Funani nthambi zakufa zomwe zidakali pamtengo kapena zokodwa m'mwamba. Youma imathyoka kamodzi n'kumveka kuti thyo, yomwe ikupindika n'kulendewera ndi khungwa isiyeni. Kukagwa mvula, dulani chikuni chonga mkono, ikani mpeni pamwamba pake n'kumenya msana wa mpeni ndi mtengo wina kuti ching'ambike. M'kati mumakhala mouma, ndipo mukasema timizere topyapyala topotana osatidula, mwapeza zoyatsira. Pansi yalani timitengo touma mogundizana kuti moto wanu woyamba usakhudze dothi lonyowa. Pewani chikuni chomwe mpeni wanu sungatulukire nsonga mbali inayo, ndi chokhala ndi mfundo.

Pa bulangeti ndisiyana pang'ono ndi a Chikuni. Pofunda pogona akunena zoona. Koma amene akufuna kukhala pafupi ndi moto adziwe kuti lona la nayiloni, jekete lofufuma ndi sleeping bag zimabooka ndi mbaliwali imodzi yokha, pomwe ubweya umangowauka pang'ono. Ngati bulangeti lalemera, tengani malaya akale a ubweya ovala pamwamba pa jekete mukamaotha. Moto ukhale mamita awiri kuchokera pa lona, ndipo mphepo izidutsa chopingasa pakati pa inu ndi moto. Ikamachokera kumbuyo kwa lona utsi umazungulira n'kulowa m'kati. Musakonze zoti moto ndiwo ukufunditseni usiku wonse. Pamafunika mulu wa nkhuni wofika m'chiuno ndi kudzuka pafupipafupi kukasonkhezera. Pogona panu pakhale pokwanira ngakhale moto utakanika.

Fikani pamalo kutatsala maola atatu dzuwa lisanalowe. Mukatambasula mkono n'kuika zala chopingasa pakati pa dzuwa ndi pomwe likalowere, chala chilichonse ndi mphindi pafupifupi 15. Denga liyambe, kenako madzi, kenako nkhuni, moto pomaliza. Palani masamba mpaka dothi lioneke, mita imodzi ndi theka kuzungulira. Osasonkha pamizu kapena pa dothi lakuda la zomera zowolerana, moto umayenda pansi osaoneka. Miyala ya mumtsinje isakhale mafuwa, madzi a m'kati mwake akatentha imaphulika. Pochoka thirani madzi, vundulani, thiraninso, mpaka phulusa lizizire moti mukhoza kuligwira ndi dzanja. Ndipo funsani kaye eni malo kapena oyang'anira nkhalango ngati moto ndi kudula mitengo n'zololedwa, malo ambiri amaletsa.

Wayamba_Kumene

Zikomo kwambiri akuluakulu, zikomo achemwali. Nkhwangwa, chikwanje, bulangeti, majinzi ndi jekete lolemera zatuluka, kamatiresi ndi zingwe zalowa, sikelo ikuwerenga 9.5. Kachikwangwani ka m'kati mwa sleeping bag kakuti comfort 5, limit 0, ndiye a Chikuni munalondola. Ndigule ina, kapena pali njira yowonjezera kufunda? Ena amati m'sleeping bag uzigona wosavala zambiri, n'zoona? Komanso madzi ndinyamule angati poti mtsinje ulipo pafupi ndi pogona?

Nangondo

Zoti muzigona osavala si zoona, achimwene. Zovala zouma zimawonjezera kufunda. Pomwe pali vuto ndi pawiri: zovala zonyowa, ndi zovala zochuluka moti mwathina m'kati mpaka nthenga zapanikizika. Valani zogonera zija ndi juzi, jekete lofufuma mulivale ngati malo alipo, apo ayi muliyale pachifuwa m'kati momwemo. Mukatero sleeping bag ya comfort 5 pa kamatiresi kabwino idzakufikitsani ku 0 osagula ina. Mukangomanga denga itulutseni, ikutumuleni, igone pansi pa lona kuti ifufume. Kokani chingwe cha m'khosi ndi cha kumutu, koma mphuno ndi pakamwa zikhale kunja. Mukapumira m'kati mumamva kufunda poyamba, koma nthunzi ya mpweya wanu imanyowetsa nsalu ndipo mbandakucha, nthawi yozizira koposa, mudzazimva.

Lowani muli ofunda kale. Dumphanidumphani pang'ono kapena yendani mofulumira mphindi ziwiri, osafika potuluka thukuta. Idyani kanthu ka mafuta musanagone, pitani kokataya madzi. Chothandiza kwambiri ndi botolo la madzi otentha lolowetsedwa m'sokosi, loikidwa pakati pa ntchafu kapena kumapazi. Liyeseni kaye politembenuza ngati chitsekero sichikudontha, ndipo likhale lopirira madzi owira, chifukwa mabotolo opyapyala a zakumwa amafota. M'mawa madzi omwewo ndi akumwa. Mowa usakhalepo, umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva kutentha pomwe thupi likutaya kutentha. Nsapato zilowe pansi pa lona, ndipo muzikutumule musanavale.

Chikuni

Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Nyamulani malita awiri a panjira, ndipo kuyambira masana mpaka kubwerera mawa muwerengere malita anayi kapena kuposerapo, kuphatikiza ophikira. Kukazizira ludzu silimveka kwambiri, muzimwa ndithu, mkodzo ukada ndiye kuti mwachepetsa. Madzi a mumtsinje asefeni pansalu ngati ali ndi matope, kenako awire mogaduka mphindi imodzi, kapena mphindi zitatu ngati muli pamwamba kuposa mamita 2000. Kuwiritsa kumapha tizilombo koma sikuchotsa mankhwala, ndiye pewani madzi otsika m'minda yopopera kapena kumigodi. Botolo lachitsulo la khoma limodzi mukhoza kuliika pamoto mutachotsa chitsekero. La makoma awiri, losunga kutentha lija, lisayandikire moto. Mapiritsi a chlorine amafuna mphindi 30, ndipo madzi akazizira kwambiri muwonjezere nthawi, koma kachilombo ka Cryptosporidium sakapha bwino. Ngati muli ndi sefa ya timachubu ngati ya Sawyer, igone nanu m'sleeping bag ili m'kajumbo. Madzi a m'kati mwake akaundana timachubuto timang'ambika, kunja osaoneka chilichonse, inu n'kumamwa madzi osasefedwa.

Chakudya chouma cha magalamu 700 mpaka 800 chimakwanira tsiku. Galamu ya mafuta imapereka makalori 9, pomwe ya zokhutitsa kapena zomanga thupi imapereka 4, choncho za mafuta zimakupatsani mphamvu zambiri pa katundu wochepa. Chamadzulo chikhale chopsa mphindi khumi m'poto umodzi, ndipo pakhale china chodyeka chosaphika ngati moto wakanika. Kasitovu ka gasi ndi kachitini ka magalamu 100 n'kothandiza m'mawa wonyowa. Sankhani gasi wosakaniza isobutane ndi propane, amapirira kuzizira kuposa butane yekha. Osaphikira kapena kulowetsa makala pamalo otsekeka, mpweya wa carbon monoxide sununkha ndipo umapha munthu ali m'tulo. Chakudya chigone patali ndi pogona, chopachikidwa, makoswe amaboola chikwama.

Tochi yam'manja musinthe ndi yovala pamphumi, kumanga mfundo kumafuna manja onse awiri. Tengani mabatire ena osinthira. A lithium amapirira kuzizira kuposa a alkaline, ndipo foni nayo igone m'kati mofunda. Poyenda tembenuzani batire imodzi kapena tsekani batani, kuti tochi isayake yokha m'chikwama.

Kathumba ka mankhwala kagwirizane ndi zomwe mukachite, kutanthauza mabala a mpeni, kupsa ndi matuza: bandeji yaikulu yomanga mothinitsa, nsalu zoyera zotsekera bala, mapulasitala, tepi ya matuza, mankhwala opha ululu, kopanira kozulira nkhupakupa ndi minga, ndi kabulangeti konyezimira kadzidzidzi. Popsa thirani madzi ozizira mphindi 20. Kakhasu kakang'ono n'kokumbira dzenje lodzithandizira, lakuya masentimita 15 mpaka 20, mamita 60 kuchokera kumadzi.

Zizindikiro izi muzidziwe musananyamuke. Thupi likatsika pansi pa madigiri 35 munthu amanjenjemera kosaleka, zala zimalephera kutseka zipi, amapunthwa, lilime limalemera, maganizo amasokonekera. Kuipa kwake n'kwakuti wodwalayo sazindikira. Dziyeseni pogundanitsa chala chachikulu ndi chaching'ono cha dzanja lomwelo. Zikayamba kuvuta siyani zonse, vulani zonyowa, valani zouma, lowani m'sleeping bag pa kamatiresi, imwani chotentha cha shuga. Munthu amene wasiya kunjenjemera koma akadali wozizira ndi wosokonekera ali pangozi yaikulu, pamenepo pafunika thandizo lachipatala msanga. Musiyire munthu wodalirika pepala lolemba komwe mukupita, njira yake, nthawi yobwerera, ndi nthawi yoti ayambe kuitana thandizo mukapanda kumveka.

Mlenje

Ndiwonjezere chimodzi pa 9.5 wanuyo. Mukaika malita awiri a madzi, chakudya, mankhwala ndi kasitovu mufika cha m'ma 13, zomwe zili bwino, musadzazenso malo otsalawo. Musanapite, mangani lonalo pabwalo la kunyumba, kamodzi masana, kamodzi usiku ndi tochi ya pamphumi mutavala magolovesi, ndipo mugone pamenepo usiku wozizira ndi zinthu zomwezi. Chosowa chidzaonekera pomwe khomo lili pafupi. Pobwerako lona lonyowa lipite m'thumba lakunja kapena m'jumbo lakelake, lisagundane ndi sleeping bag. Mukafika kunyumba yanikani zonse tsiku lomwelo, lona likasungidwa lonyowa limachita nkhungu ndipo utoto wake wotchinga madzi umayamba kusupuka. Sleeping bag isungidwe yomasuka m'thumba lalikulu kapena yopachika, chifukwa ikakhala miyezi yothinitsidwa m'kathumba kake imasiya kufufuma ndipo comfort 5 ujayo sadzafikanso.